Mipando Ndi Yochepa Pamwamba

Ku Luleå dzuwa lalowa nthawi ya nkhomaliro itangopitirira.
Panja mtsinje wauma gwa,
m'katimu makina akupuma mpweya wofunda,
mizeremizere, tinyali tawo tikuphethira.
Ndine Gunvor. Usiku uno ndi wanga.

Pansi pa zonse pali disiki.
Siiwala kanthu, koma ndi yachidodo.
Ukaifunsa dzina limodzi
imanyamula tsamba lathunthu,
pamodzi ndi anansi amene sunawaitane,
n'kukwera nalo mwakachetechete, mosafulumira.
Pamwamba pali memore,
yachangu kuposa chikope,
koma mipando yake ndi yowerengeka.
Ntchito yanga yagona pamenepo:
ndani akhale, ndani atsike.

Pali muvi umene umazungulira mipandoyo
ngati wa wotchi yopanda manambala.
Umagogoda tsamba lililonse paphewa:
Alipo wakufuna chidutsire ine?
Likati eya, umafufuta chizindikiro n'kupitirira.
Ukalipezanso lili duu, osafunsidwa ndi aliyense,
nyamuka, mpando ukufunika.

Lina lagwiridwa pamkono ndi funso losatha,
muvi umalilambalala.
Lina lalembedwapo zatsopano,
mayi wina wa ku Piteå amusinthira mankhwala a mtima,
ndipo limeneli silitsika chimanjamanja.
Liyambe lakoperedwa pansi,
komanso kaundula akhale atamva kale nkhaniyo,
kuti magetsi atati thimu pakati pa mawu
mawa tidzadziwe pamene tinalekezera.

Mphindi khumi itapitirira 3 koloko, foni.
Ndi Aila, wogulitsa mankhwala ku Kiruna:
kompyuta ikungozungulira,
patsogolo pake paima bambo
ndi mwana wotsokomola m'jekete.

Ndayang'ana. Ndi Elof wa ku ofesi ya ndalama.
Poweruka wasiya funso lake likuyenda:
werengani zonse za zaka khumi ndi zisanu.
Ndiye masamba akale akukhamukira pamwamba,
lililonse kuwerengedwa kamodzi kokha,
kamodzi basi,
koma lalanda kale mpando wa mnzake
amene amafunidwa kambirimbiri pa mphindi.
Ngakhale mlozera, wodziwa njira zonse, wakankhidwira pansi.
Alendo adzaza nyumba,
eni ake agona pakhonde.

Funso la Elof sindinaliphe.
Nayenso Lolemba ali ndi womuyankha.
Ndaliyambitsanso, n'kulipatsa kangodya,
mipando makumi atatu ndi iwiri,
lizisinthanitsa alendo ake momwemo,
wolowa akhale pamene wotuluka wasiya pofunda.
Kenako ndangokhala, khofi atazizira m'manja,
kuonerera nambala ikukwera:
pa mafunso zana, opeza yankho pamwamba pomwepo
sikisite, eyite,
nayinte seveni.
Aila sanaimbenso.
Pa ntchito ino, kuthokoza kumamveka choncho.

Lamlungu ndimakwera basi ya ku Boden
kukaona bambo anga, a Sixten.
Pamwamba pawo patsala zochepa:
dzina la galu amene anafa ndili kusukulu,
nthawi imene sitima ya miyala ya chitsulo inkadutsa,
ndime imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi.
Sindidziwa muvi umene unasankha zimenezi.
Ndikalowa amandiyang'ana nthawi yaitali,
milomo ikugwedera,
ndipo anamwino amafuna kuwathandiza.
Ndimawakaniza ndi dzanja.
Dzina langa silinafufutike ayi.
Lili pansi, pa tsamba lake,
pamodzi ndi njinga yofiira ndi chilimwe china ku Kalix.
Ulendo wake ndiwo watalika.

Ndimavula magolovesi, n'kukhala pampando.
Kudikira ndinakuphunzira ku makina.
Tsiku lina limafika tiyi asanazizire.
Tsiku lina basi yomaliza imandipeza ndikudikirabe,
ndipo ndimawapsompsona pamphumi
n'kulitchula ndekha,
kuti mwina ligone pamwamba usiku umodzi.